Mtengo wa Sikipa Umachokera Kuti?

Anzanga, tsopano mwayamba kudziwa kuwerenga. Lero tiyamba ndi kalata yaifupi kwambiri. Kalatayo ili pakhosi panu.

Tengani malaya kapena sikipa imene munagula m'sitolo kapena pa kaunjika. Tembenuzani kolala. Mupeza kansalu kosokeredwa mkati. Pa kansaluko pali mau a Chingerezi akuti "Made in", ndiye kuti "chapangidwa ku". Patsogolo pake pali dzina la dziko. Werengani dzinalo pang'onopang'ono. Ena mupeza China. Ena mupeza India, Vietnam kapena Bangladesh.

Maiko amenewa ali ku Asia, kutsidya kwa nyanja yaikulu yamchere imene ili kum'mawa kwa dziko lathu. Makampani a ku Ulaya ndi ku America amasoketsa zovala zawo kumeneko chifukwa osoka ake amalandira malipiro ochepa. Zimenezi n'zoona. Koma pamsika anthu amafunsa funso, ndipo ndi funso labwino. Amati: "Ngati wosoka alipidwa pang'ono chotere, nanga bwanji malayawo ndi odula? Ndalama yangayi ikupita kwa yani?"

Kuti tiyankhe, titsata sikipa imodzi yokha, kuchokera pa makina osokera mpaka m'manja mwa wogula.

Amene anasoka

Dziko la Bangladesh ndi laling'ono. Mozambique ikhoza kulimeza kasanu. Koma lili ndi anthu oposa 160 miliyoni. Anthu pafupifupi 4 miliyoni amagwira ntchito m'mafakitale a zovala, ndipo ambiri mwa iwo ndi amayi ndi atsikana ochokera kumidzi. Pa katundu yense amene dzikolo limagulitsa kunja, zovala zimaposa magawo 80 pa 100.

M'fakitale yotere munthu mmodzi sasoka malaya athunthu monga achitira telala wa pakhonde la sitolo. Makina amaikidwa pamzere. Mayi uyu ntchito yake ndi kulumikiza mapewa basi. Akatha amapatsira mnzake woika manja. Wina apinda m'munsi. Wina adula ulusi wotsala. Kuyambira m'mawa mpaka madzulo ntchito ndi yomweyo, ndipo kapitawo amawerenga kuti pa ola patuluka zingati.

M'chaka cha 2010 boma la Bangladesh linaika malipiro otsikitsitsa a wosoka pa mataka 3,000 pamwezi. Taka ndi ndalama ya kumeneko. Pa nthawiyo mataka 3,000 anali ngati mayuro 30. Yuro ndi ndalama ya maiko ambiri a ku Ulaya, ndipo yuro imodzi ili ndi masenti 100.

Tengani pensulo

Chaka chomwecho cha 2010, mtolankhani wa nyuzi ya ku Germany yotchedwa Die Zeit anatsata sikipa wamba imene kampani ya H&M inkagulitsa m'masitolo ake ku Germany. Mtengo wake unali mayuro 4 ndi masenti 95. Ndiye kuti masenti 495. Lembani 495 pamwamba pa pepala lanu. Tiona mmene ndalamayi inagawidwira.

Fakitale ya ku Bangladesh inalandira masenti 135. Mwa amenewa, masenti 40 anali a thonje, limene linalimidwa ku America. Masenti 95 otsalawo anayenera kukwanira opota ulusi, oluka nsalu, magetsi, mwini fakitale ndi antchito onse.

Sitima yapamadzi yonyamula sikipayo mpaka ku doko la Hamburg ku Germany inadya masenti 6. Inde, 6 okha. Anthu ambiri amaganiza kuti ulendo wapanyanja ndiwo umakweza mitengo, popeza ndi wautali. Koma kontena imodzi imanyamula masikipa masauzande ambirimbiri, choncho pa sikipa imodzi pamagwera kangachepe.

Phatikizani 135 ndi 6. Mwapeza 141. Chotsani 141 pa 495. Patsala 354.

Masenti 354 amenewa anatsala ku Germany. Boma la Germany linatenga 79 ngati msonkho wa pogula. Kampani inatenga 60 ngati phindu lake. Otsalawo, oposa 200, anapita ku malole, ku nyumba zosungiramo katundu, ku lendi ya masitolo, ku malipiro a ogulitsa, ku maofesi ndi ku ntchito yolengeza malonda.

Nanga mayi wosoka uja? Tiwerengere tokha. Mayuro 30 ndi masenti 3,000. Akagwira masiku 26 pamwezi, maola 8 patsiku, ndiye kuti wagwira maola 208. Gawani 3,000 ndi 208. Mupeza masenti 14 pa ola. Sikipa wamba sichedwa kusoka. Koma tiyeni tiwakomere mtima osokawo, tinene kuti manja onse pamodzi, odula, osoka, osita ndi olongedza, athera theka la ola pa sikipa imodzi. Theka la 14 ndi 7.

Masenti 7 pa masenti 495. Pa ndalama 100 zilizonse zimene wogula anapereka, zosakwana 2 ndi zimene zinafika m'manja mwa osoka. Boma la Germany, limene silinagwireko singano, linalandira kuposa pamenepa kakhumi.

Apa yankho la funso lathu layamba kuoneka. Tinene kuti osokawo agwira ntchito yaulere, osalandira kanthu. Sikipa ichoka pa 495 kufika pa 488. Wogula sangazindikire n'komwe. Tinenenso kuti malipiro awo awirikizidwa kawiri. Sikipa ifika pa 502. Wogula sangazindikirenso. M'chaka cha 2004 akatswiri a zachuma, Robert Pollin ndi anzake, anawerengera zofananazo pa malaya osokedwa ku Mexico ndi kugulitsidwa ku America. Anapeza kuti kuwirikiza malipiro a osoka kungakweze mtengo wa m'sitolo ndi magawo pafupifupi 2 okha pa 100.

Malipiro a wosoka ali ngati mchere m'ndiwo. Popanda mchere ndiwo sizidyeka. Koma mchere ukatsika mtengo, mbale ya nsima ya pamsika siitsika.

Sitolo ili kwa olemera

Fakitale ikhoza kusamukira kumene anthu ndi osauka. Sitolo singasamuke. Iyenera kukhala kumene kuli ogula. Lendi yake ndi ya kumeneko, magetsi ndi a kumeneko, malipiro a wogulitsa ndi a kumeneko.

Taonani kusiyana kwake. Mu Okutobala 2022 malipiro otsikitsitsa ku Germany anafika pa mayuro 12 pa ola. Mu Disembala 2023 malipiro otsikitsitsa a wosoka ku Bangladesh anafika pa mataka 12,500 pamwezi, ndiye kuti mayuro opitirira pang'ono 100. Mtsikana wopinda masikipa m'sitolo ya ku Hamburg akagwira maola 9, wapeza za mwezi wathunthu za mayi amene anawasoka. Mtsikanayo sitimuimba mlandu. Nayenso ndi wantchito, ndipo kwawoko nyumba ndi chakudya n'zodula. Tikungoona kumene ndalama imathera.

Pali chinanso. Si zovala zonse zimene zimagulidwa. Zina zimatsala m'sitolo nyengo ikatha, ndipo zimagulitsidwa motchipa kapena kutayidwa. Mayi wogulitsa tomato amadziwa zimenezi bwino. Amadziwa kuti m'dengu mwake wina aola, choncho tomato wogulidwayo ayenera kulipirira woolayo. Pogula sikipa imodzi mumalipiriranso inzake imene palibe anaifuna.

Kugula dzina

Sikipa ya masenti 495 ija inali yotchipa. Palinso masikipa ndi nsapato zodula kasanu kapena kakhumi kuposa pamenepo, zosokedwa m'maiko omwewo, nthawi zina m'mafakitale oyandikana. Kusiyana kwake kwakukulu ndi kachizindikiro ka pachifuwa.

Achinyamata athu amaidziwa kampani ya Nike. Kampaniyi ndi ya ku America, koma nsapato zake pafupifupi zonse zimapangidwa ndi mafakitale a eni ena ku Vietnam, Indonesia ndi China. Iyo imajambula maonekedwe a nsapato, imaika dzina, imagulitsa. M'chaka chake cha malonda cha 2023 inagulitsa katundu wa madola oposa 51 biliyoni. M'chaka chomwecho inathera madola pafupifupi 4 biliyoni polengeza malonda ndi polipira akatswiri a masewera kuti azivala chizindikiro chake. Ndalama imeneyo siichokera kumwamba. Ili m'kati mwa mtengo wa nsapato iliyonse. Mnyamata wogula nsapato amalipira wosoka pang'ono, ndipo amalipiranso katswiri wa mpira amene amamuona pa kanema.

Ndani amaika mtengo?

Ambiri timaganiza kuti wamalonda amaphatikiza zimene waononga, aonjezerapo pang'ono, basi mtengo wapezeka. Kawirikawiri sizitero. Wamalonda amayamba ndi funso lina: "Kodi wogula angalolere kupereka zingati?"

Ganizirani bambo amene amagulitsa makala m'tauni pa mametikali 500 thumba. Tsiku lina wapeza wootcha makala wina amene amugulitsa motchipa. Kodi mawa lake atsitsa mtengo? Ngati anthu akugulabe pa 500, satsitsa. Zimene wapulumutsazo alowetsa m'thumba. Adzatsitsa pokhapokha mnzake atakhala pambali pake ndi kuyamba kuitana anthu pa 450. Makampani aakulu amachita chimodzimodzi. Akapeza osoka otchipa, phindu limayamba lapita kwa eni kampani. Limafika kwa wogula ngati pali opikisana nawo amene akuwakakamiza.

Tinene zoona zonse. Kumene mpikisano uli waukulu, wogula anapindulako. Dziko la China linalowa m'bungwe la malonda a dziko lonse la WTO mu 2001. Pa 1 Januwale 2005 malire a kuchuluka kwa zovala zimene maiko osauka ankaloledwa kugulitsa ku Ulaya ndi ku America anachotsedwa. Zovala zinasefukira. Ku America, kuyambira cha m'ma 1995 mpaka 2020, mitengo ya zovala siinakwere, pamene mitengo ya zinthu zina zambiri inakwera ndithu. Komabe anthu a kumeneko amadandaula kuti moyo wadula. Chifukwa chake n'chakuti banja la ku America limathera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 3 a ndalama zake pa nyumba, pamene pa zovala limathera zosakwana magawo 3 pa 100. Nyumba, dokotala ndi sukulu sizikwera m'kontena. Wosoka wa ku Bangladesh sangazitsitse mtengo.

Nanga kwathu kuno?

Wina anena kuti: "Zimenezo ndi za ku Ulaya. Kuno lendi si ya ku Hamburg. Bwanji sikipa ndi kapulana zochokera ku China ndi ku India zili zodula kwa ife?"

Kwathu katundu ali ndi zipata zakezake, ndipo pa chipata chilichonse pali dzanja.

Chipata choyamba ndi doko, la Beira kapena la Nacala. Pamenepo boma limatenga msonkho wa katundu wolowa. Pa zinthu zopangidwa kale monga zovala zochokera ku Asia, msonkhowo ndi 20 pa 100. Pamwamba pake pamabwera msonkho wa IVA, umene unali 17 pa 100 ndipo mu 2023 unatsika kufika pa 16. Tengani pensulo kachiwiri, tichite chitsanzo. Sikipa yafika padoko pa mametikali 100. Onjezani 20. Yafika pa 120. Onjezani IVA, ndiye mametikali 19. Yafika pa 139, isanatuluke pageti. Olongosola mapepala nawonso afuna zawo, ndipo kontena ikachedwa padoko tsiku lililonse limalipiridwa. Msonkho ndi umene umalipira mphunzitsi ndi namwino, choncho sitikuunyoza. Koma tiyenera kudziwa kuti uli m'kati mwa mtengo.

Chipata chachiwiri ndi msewu. Kuchokera ku Beira kufika ku Tete ndi makilomita pafupifupi 600. Kuchokera ku Tete kukwera ku Ulongwe ndi ena oposa 200. Lole imamwa dizilo, ndipo dizilo timagula kunja. Msewu ukakumbika, matayala ndi masipuling'i amatha msanga, ndipo mwini lole amaika zonsezo pa mtengo wa ulendo. Panyanja sikipa imayenda ndi zinzake masauzande. Pofika kumudzi imayenda m'chikwama cha munthu mmodzi amene walipira galimoto kupita ndi kubwera kuti akapikule masikipa 20. Ulendo waufupi wothera ndi umene umadula koposa.

Chipata chachitatu ndi manja a ogulitsa. Woitanitsa katundu amagulitsa kwa wa holoselo. Wa holoselo amagulitsa kwa wa sitolo ya m'tauni. Wa sitolo amagulitsa kwa wa pamsika. Aliyense aikapo zake, ndipo aliyense amaika pamwamba pa zimene mnzake waika kale. Ngati woitanitsayo anakongola ndalama kubanki, chiwongoladzanja nachonso chilowa. Mu 2023 chiwongoladzanja cha mabanki athu chinali choposa 20 pa 100 pachaka.

Chipata chachinayi sichioneka ndi maso, koma ndi chachikulu. Fakitale ya ku China siilandira metikali. Imafuna dola. Kumayambiriro kwa 2015 dola imodzi inali mametikali ochepera 35. Mu Epulo 2016 kunadziwika kuti dziko lathu lili ndi ngongole zobisika, zimene zonse pamodzi zinali pafupifupi madola 2 biliyoni. Maiko othandiza anaimitsa thandizo lawo. Pofika Okutobala chaka chomwecho dola inapitirira mametikali 75. Wosoka wa ku Asia sanalandire kanthu koonjezera. Sikipa inali yomweyo. Koma wamalonda wa ku Beira anafunika mametikali owirikiza kawiri kuti aigule, ndipo chaka chimenecho mitengo m'dziko muno inakwera ndi magawo oposa 20 pa 100. Amene munali ndi banja nthawi imeneyo mukukumbukira.

Mu 2021 kunabweranso vuto lina. Chifukwa cha mliri wa Covid-19 madoko a dziko lonse anadzaza ndipo makontena anasowa. Kutumiza kontena yaikulu panjira zikuluzikulu za panyanja kunali madola osakwana 2,000 mliri usanabwere. Mu Seputembala 2021 kunapitirira madola 10,000. Amalonda anakweza mitengo msanga. Pofika 2023 mtengo wa kontena unabwerera pansi. Dzifunseni nokha ngati mitengo ya pamsika wanu inabwerera nawo. Mtengo umakwera ngati moto wolusa, koma potsika umayenda ngati nkhono.

Thonje lathu

Akuluakulu ena m'kalasi muno anamva kwa makolo awo za thonje la chikakamizo. Kuyambira 1938 mpaka 1961 atsamunda a Chipwitikizi ankakakamiza alimi a m'dziko muno kulima thonje ndi kuligulitsa pa mtengo woikidwa ndi boma lawo. Thonjelo linkapita ku mafakitale a ku Portugal, ndipo nsalu inkabwerera kuno kudzagulitsidwa kwa omwe analima. Chikakamizo chinatha. Koma mafakitale athu aakulu a nsalu, monga Textáfrica ya ku Chimoio, anatsekedwa cha m'ma 2000, ndipo thonje lathu lambiri limatulukabe m'dziko losapota, kupita ku Asia.

Mu 2023 mtengo wotsikitsitsa wa thonje labwino kwa mlimi unali mametikali 33 pa kilo. Kilo imodzi ya thonje losachotsa njere imatulutsa thonje lokwanira pafupifupi sikipa imodzi. Mlimi wa ku Niassa kapena ku Tete afunse pamsika mtengo wa sikipa yatsopano, kenaka awerenge kuti agulitsa makilo angati kuti avale kilo imodzi. Mlimi ali kuchiyambi kwa ulendo pamodzi ndi wosoka. Onse awiri gawo lawo ndi laling'ono.

Tibwerere kwa mayi wosoka uja

Pa ndalama zonse zimene tawerenga, kampani yaikulu siingauze boma la Germany kuti litsitse msonkho. Siingauze mwini nyumba wa ku Hamburg kuti atsitse lendi. Amene ingamupanikize ndi mwini fakitale, chifukwa mafakitale ndi ambiri ndipo ogula aakulu ndi ochepa. Akakana wa ku Bangladesh, ntchito ipita ku Cambodia kapena ku Vietnam. Mwini fakitale akapanikizidwa, nayenso apanikiza amene ali pansi pake, ndipo amaleka kusamala za nyumba imene antchito akugwiriramo.

Pa 23 Epulo 2013 ming'alu inaoneka m'zipupa za nyumba yosanja kasanu ndi katatu yotchedwa Rana Plaza, ku Savar, pafupi ndi mzinda wa Dhaka. M'nyumbamo munali mafakitale 5 a zovala. Banki ndi masitolo a pansi anatseka. Osoka analamulidwa kuti abwere kuntchito mawa lake. M'mawa wa pa 24 Epulo nyumbayo inagwa. Anthu 1,134 anafa, ndipo pafupifupi 2,500 anavulala. M'zigumukire anapezamo tinsalu ta pakolala tokhala ndi maina a makampani odziwika a ku Ulaya ndi ku America.

Zitachitika izi, makampani oposa 200 anasaina pangano ndi mabungwe a antchito lakuti mafakitale aziyenderedwa ndi kukonzedwa. Antchito anadzaza m'misewu kufuna malipiro abwino. Mu Disembala 2013 malipiro otsikitsitsa anakwera kuchoka pa mataka 3,000 kufika pa 5,300. Eni mafakitale anali atakana kwa nthawi yaitali, ponena kuti ogula athawa.

Tengani pensulo kotsiriza. Kuchoka pa 3,000 kufika pa 5,300 ndi kukwera kwa magawo 77 pa 100. Gawo la osoka pa sikipa yathu ija tinalipeza kuti ndi masenti 7. Magawo 77 pa 100 a masenti 7 ndi masenti 5. Lembani 5 pambali pa 495 munalemba pamwamba pa pepala paja.